Mbande Pakhomo pa Che Kassim

Chaka chachiwiri cha maphunziro a uphunzitsi, ophunzira sakhala pa koleji. Amawagawa m'magulu n'kuwatumiza ku masukulu a pulayimale kuti akaphunzitse moyang'aniridwa. Selestina, Timoti ndi Rejoice anatumizidwa pa sukulu ina ya kufupi ndi Milepa. Asananyamuke, Mayi Kalinde, amene ankawaphunzitsa ku kolejiko, anawasenzetsa ntchito yowonjezera.

"Kulemba pa bolodi kokha sikukwanira," anatero. "Gulu lililonse likapeze chosowa m'mudzi woyandikana ndi sukulu, likagwirepo ntchito pamodzi ndi ana, ndipo ntchitoyo igwirizane ndi phunziro la m'kalasi. Mwana aphunzire ndi manja ake, mudzi upindule, inunso mutolepo nzeru. Ndidzabwera kudzaona. Musadzandifotokozere maloto, ndidzafuna chinthu choti ndichiloze ndi chala."

Timoti anali wa ku Mzimba, wamtali, wa mawu aakulu ndi mtima wabwino, ndipo utsogoleri wa gululo unangomugwera popanda womusankha. Rejoice anakulira ku Ndirande. Selestina kwawo kunali ku Ndunde, m'boma lomweli la Chiradzulu, koma anzakewo ankadziwa kuti ndi wa ku Limbe. Bodzali linayamba mosakonzekera. Atangofika ku koleji anayankha funso m'kalasi, atsikana ena anaseka kayankhulidwe kake, wina n'kumufunsa ngati wabwera ndi kalongonda m'chikwama. Tsiku lomwelo atafunsidwa kwawo, anatchula ku Limbe, kumene kumakhala azakhali ake. Kuyambira pamenepo ankayankhula pang'ono, ndiponso mosamala.

Njira yochokera ku nyumba imene atatuwa ankakhala kupita ku sukulu inkadutsa pakhomo pa Che Kassim. Anali bambo wokalamba, wowonda, amene ankakhala pakhonde kusoka nsapato ndi kukonza maambulera. Nyumba yake inali ya njerwa zosawotcha, yofolera ndi udzu. Kumbuyo kunali kamunda ka chimanga ndi nandolo, ndipo m'mphepete mwake madzi a mvula anali atayamba kukumba ngalande. Pabwalo panalibe mtengo ngakhale umodzi. M'mawa uliwonse ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwadzuka?" Timoti anamukonda kuyambira tsiku limene anamusokera nsapato yake ya ku tchalitchi, uku akumuseka kuti phazi lotere likufunika chikopa cha ng'ombe yonse.

Mbiri yake atatuwa anaimva kwa akazi a ahedi a pa sukulupo. Mkazi wake, Asiya, anamwalira chaka chapitacho. Mwana wawo yekhayo, wamwamuna, anali ku Joni. Che Kassim kwawo kunali ku Mbulumbuzi, kuno anangobwera kudzakwatira ali mnyamata.

Timoti ndi Rejoice anamva nkhani ya munthu wosungulumwa. Selestina anamva zina. Kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo nthaka imayenda ndi akazi, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Mkazi akamwalira, mwambo wa maliro ukatha, abale ake amamusudzula mwamunayo, ndiye kuti kumumasula kuti abwerere kwawo. Che Kassim analibe mwana wamkazi woti amusunge pa malowo. Ngati anali akadali pakhondepo, ndiye kuti abale a malemu anangosankha kusaitchula nkhaniyo. Palibe anamuuza kuti apite, palibenso anamuuza kuti malowo ndi ake. Ankakhala pakati pa mawu awiri amene sananenedwe.

Mvula itakhazikika mu Januwale, Timoti anafika pa mutu wa kubzala mitengo m'phunziro la zaulimi la Sitandade 6. Anabwera kunyumba akumwetulira.

"Ntchito ya Mayi Kalinde ndaipeza," anatero akuvula nsapato zamatope pakhomo. "Madala aja. Pabwalo pawo pali mbee ngati bwalo la mpira. Tiwabzalire mapeyala, mango ndi magwafa. Mbande alangizi a zankhalango andilonjeza kale. Ana akumba maenje, ayeza mipata, masamu alowamo, zaulimi zilowamo, ngalande ija itsekeka. Tifunanso chiyani?"

"Zithunzi zidzatuluka bwino," anatero Rejoice. "Koma ine khasu ayi. Ndigwira foni."

Selestina ankasenda mbatata. Anafunsa osadzutsa mutu.

"Kodi malowo ndi awo?"

"Akhala a ndani? Munthu wakalambira pomwepo."

"Ndimati mwina, poti mayi aja anamwalira."

"Ndiye basi, atsala ndi bambo," anatero Timoti. Kwawo mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ndipo iye sanaone pamene panali funso.

Rejoice anaseka. "Iwe wa ku Limbe, za minda wazidziwira kuti? Kapena wapeza chibwenzi m'mudzimu?"

Yankho linali pamilomo. Bambo ake a Selestina, amene akadali moyo ku Ndunde, sanabzalepo ngakhale gwafa pakhomo pawo. Ankati mkamwini amabzala chimene angakolole chaka chomwecho, chifukwa mtengo umauza anthu kuti wafika ndipo suchoka. Koma kuti afotokoze zimenezi anayenera kunena kumene anazimva. Anayang'ana Rejoice, amene anali akusekabe.

"Ndimangofunsa," anatero, n'kupitiriza kusenda.

Loweruka anapita onse atatu kukaonana ndi Che Kassim. Mkuluyo anawayalira mphasa n'kumvetsera mpaka Timoti atamaliza.

"Mwaganiza bwino, aphunzitsi," anatero. "Mulungu akudalitseni. Kungoti nthaka ya pano ndi yamiyala. Mtengo sungagwire."

"Tithira manyowa, madala. Ana abweretsa."

"Eya. Komanso mbuzi za kuno n'zopanda ulemu."

"Titchinga ndi minga."

"Eya, eya." Anatembenuza ambulera imene inali pamiyendo pake. "Nanga ine mmene ndakalambiramu, peyalalo ndidzalidya?"

"Mudzadya, madala! Izi ndi mbande zomezanitsa, sizichedwa kubereka."

Selestina ankamva kukana m'mawu aliwonse. Munthu wamkulu wa kuno sauza mlendo kuti ayi, makamaka mphunzitsi amene wabwera ndi mphatso. Amangomuikira miyala panjira kuti abwerere yekha. Timoti ankaichotsa miyalayo umodziumodzi, mokondwa, poganiza kuti akuthandiza. Pomaliza Che Kassim anayang'ana Selestina, mwina chifukwa cha mmene anakhalira pamphasapo, n'kunena motsitsa mawu:

"Mukadayamba mwaonana ndi alamu anga, Che Bakili."

Che Bakili anali mlongo wake wa malemu Asiya, ndipo ndiye ankayang'anira mbumba yonse ya pamalowo, ngakhale iye mwini ankakhala tsidya lina la mtsinje, kwa mkazi wake. Anali wamalonda, woyenda m'misika ndi zitenje. Atapitako sanamupeze, anali ku Limbe kukaoda katundu. Timoti anasiya uthenga kwa mkazi wake wakuti aphunzitsi akufuna kuthandiza Che Kassim. Za mitengo sanatchule, ndipo Selestina, amene anaima kumbuyo kwake, sanawonjezepo. Mbande zinali zitafika kale, zikufota m'machubu kuseri kwa ofesi. Ahedi anati ntchito yabwino sidikira.

Za chikwangwani anayambitsa ndi Rejoice, kuti Mayi Kalinde adzapeze poloza chala. Pa atatuwo Selestina ndiye anali ndi dzanja labwino, matchati onse a m'kalasi ankalemba ndi iye. Anamupatsa thabwa, penti yoyera ndi mawu oti alembe. Akanatha kulemba kuti mitengoyi abzala ndi ana a Sitandade 6, n'kuthera pomwepo, ndipo palibe akanadandaula. Anaganizapo zimenezo burashi ili m'manja. Kenako analemba zimene anauzidwa, zilembo zowongoka bwino: MUNDA WA ZIPATSO WA CHE KASSIM.

Tsiku lobzala linali losangalatsa, ndipo zimenezi Selestina sanathe kuzikana ngakhale pambuyo pake. Ana anabwera ndi makasu ndi zidebe za manyowa, akuimba. Anayeza mipata ndi chingwe, anakangana pa masamu ake, ndipo ena amene m'kalasi sankatsegula pakamwa anali patsogolo kulangiza anzawo kakumbidwe ka dzenje. Pofuna kutseka ngalande ija, Timoti anandandalika mbande zambiri m'mphepete mwa kamundako. Mphepeteyo inalinso malire ndi munda wa Jamila, mwana wa mng'ono wake wa malemu Asiya, mayi wa ana ambiri ndi munda wochepa.

Jamila anali m'munda mwake kubandira chimanga. Anaima, natsamira khasu, n'kumaonerera. Timoti atakhoma chikwangwani, Selestina atachigwirira kuti chisapendekeke, Jamila anayandikira, anawerenga, ndipo anabwerera osapereka moni kwa aliyense. Sanapitirize kubandira.

Rejoice anapempha Che Kassim kuti avale mkanjo wake woyera ajambulidwe. Mkuluyo anavala, anaima pambali pa chikwangwanicho manja ali kumbuyo. Atatha kujambulidwa anachiyang'ana kwa kanthawi.

"Mwalemba ndinu, madamu?" anafunsa.

"Eya."

"Dzanja labwino."

Patapita masiku angapo, Che Bakili anafika pa sukulu pa njinga, mtolo wa zitenje uli kumbuyo. Anadikira mpaka ana ataweruka, kenako anapempha mwaulemu kuti aphunzitsi atatu aja akacheze nawo pang'ono pakhomo pa alamu ake.

Anapeza mphasa zoyala kale. Panali Che Kassim, Jamila ndi amayi ena achikulire a m'banjamo. Che Bakili anali wamfupi, wonenepa, wa nkhope yosekaseka ya munthu wozolowera kunyengerera ogula.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mwatilemeretsa," anayamba motero. "Ndangochoka pang'ono, pobwera ndapeza esiteti."

Timoti anaseka, akuyesa kuti akuyamikiridwa. Palibe wina anaseka.

"Atsibweni, ndiyankhule ine," anatero Jamila. Sanakweze mawu. "Ababa awa sindinawanenepo kanthu. Amayi aakulu atamwalira, sadaka ya maliro itatha, ndani anatsegula pakamwa? Palibe. Ndiwo ndimawapatsa ndine, madzi amawatungira ana anga. Tinati akhale, azidya chimanga chawo mpaka Mulungu adzawaitane. Koma lero pali chikwangwani. Mitengo yaima m'malire. Mawa mwana wawo adzabwera kuchokera ku Joni ndi chithunzi m'foni, adzati munda wa bambo anga uwu, dzina ili, mitengo iyi, anabzala ndi aboma. Ana anga aakaziwa adzalima pati? Pamsewu?"

Nkhope ya Timoti inasintha pang'onopang'ono.

"Mayi, pepani," anatero. "Sitinadziwe. Chikwangwanicho tizula pompano. Mitengonso tikhoza kuzula."

"Kuzula n'kosavuta, aphunzitsi," anatero Che Bakili. "Koma anthu awerenga kale. Ku mzikiti andifunsa ngati mbumba yanga yapereka malo kwa mkamwini. Alongo angawa akundifunsa ngati ndinavomera mobisa. Nkhaniyi tinaikwirira dala. Ine ndimadutsa pano, ndimapereka moni, ndimamwa tiyi, osaitchula. Inu mwabwera ndi makasu a ana a sukulu n'kuifukula." Anapukusa mutu, akumwetulirabe pang'ono. "Inu a ku Mzimba sindikuimbani mlandu. Kwanu mumapereka ng'ombe, mkazi ndi ana n'kukhala anu. Mwachita za kwanu. Awanso a m'tauni, munda wawo ndi pa msika."

Kenako maso ake anaima pa Selestina, ndipo anakhalapo.

"Koma nkhope iyi ndikuidziwa. Iwe si mwana wa a Magdalena, aja amagulitsa tomato pa msika wa Ndunde? Amene unkabwera utavala yunifolomu kudzawalandira pa benchi, pafupi ndi pamene ndimayala zitenje?"

Selestina anamva Rejoice akutembenuka.

"Ndine," anayankha.

"Ndimadziwa ine! Amayi ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Nanga bambo ako, a Nikodemo? Pakhomo paja anabzalapo mtengo?"

"Ayi."

"Ndiye anzakowa sunawauze?"

Sanafunse mokalipa. Anafunsa ngati munthu amene akufunadi kumvetsa. Selestina anayang'ana mphasa, pamene bango lina linathyoka.

"Sindinawauze."

"Chifukwa chiyani, mwana wanga?"

Chifukwa chinalipo, koma chinali chaching'ono kwambiri. Sakanatha kutchula za kalongonda ndi kuseka kwa atsikana a ku koleji pamaso pa munthu amene nyumba yake inali pa mlandu. Onse anadikira.

"Alamu, musiyeni mwanayo," anatero Che Kassim. Aka kanali koyamba kuyankhula. "Pakamwa inenso ndinali napo. Sindinakane."

Anakonza kachipewa kake koyera, n'kupitiriza akuyang'ana kutsogolo, osati kwa munthu aliyense.

"Mwandisunga mokwanira. Asiya atapita ndinayenera kunyamuka, koma miyendo inalemera, inu n'kundimvera chisoni. Ndikuthokoza. Tsopano mundisudzule. Ndikolole chimanga changachi, ndizipita kwathu ku Mbulumbuzi. Kuli adzukulu a mlongo wanga."

"Ababa, ine sindinatero," anatero Jamila.

"Sunatero, mwana wanga. Ndatero ndine."

Selestina anayang'ana Che Bakili, kudikira kuti akane. Che Bakili anayang'ana alongo ake achikulire aja, amene anali ataweramitsa mitu. Kumwetulira kuja kunali kutachoka.

"Tamva, alamu," anatero.

Pobwerera, Timoti anazula chikwangwani n'kuchinyamula kukhwapa, zilembo zitayang'ana mkati. Anayenda mtunda wautali.

"Ukadangonena, Sele," anatero Timoti pomaliza. "Ine ndikanamva."

Rejoice, amene sankasowa chonena, anangofunsa kuti, "Ku Ndunde n'kutali?"

"Ayi."

"Oho."

Nkhani ya kwawo inathera pomwepo. Palibe anaseka, palibe anadabwa kwenikweni. Chinthu chimene Selestina anachibisa chaka chonse sichinali kanthu kwa iwo, ndipo zimenezi zinamuwawa kuposa mafunso a Che Bakili.

M'mawa mwake, asanapite ku sukulu, anakafika kwa Jamila. Anamupeza akuchapa pa mwala kuseri kwa nyumba. Anagwada monga amachitira kwawo, ndipo anayankhula mmene amayankhulira kwawo, osasankha mawu.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa. Ndimati mitengo ija ikhale yanu. Tikanene pamaso pa anthu kuti ndi yanu, agogo aja akhale."

Jamila anafinya chitenje n'kuchiponya m'beseni.

"Mitengoyo ndi yanga kale, madamu. Ili pa nthaka ya amayi anga. Vuto si mitengo."

"Ndiye muwauze asapite."

"Mukuyesa sindinawauze? Dzulo lomwelo ndinapitanso. Munthu wamkulu akapempha yekha pamaso pa anthu, sabweza mawu. Kale ankakhala ngati mwamuna wa amayi aakulu. Akatsala tsopano akhala ngati ndani? Ngati wopempha pogona?" Anatenga chovala china. "Ndinayenera kuyankhula, ana ndili nawo. Koma musaganize kuti ndikukondwa."

Selestina anadzuka kuti azipita.

"Mwana wanga akuti mumaphunzitsa bwino," anatero Jamila osamuyang'ana. "Zimenezo pitirizani."

Mayi Kalinde anabwera mu Malichi. Mbande zinali zitagwira zonse, masamba obiriwira bwino mkati mwa minga, ndipo ngalande inali itayamba kudzaza dothi. Anasangalala, anatulutsa foni kuti ajambule. Timoti anawapempha kuti ayambe akhala pansi. Anakhala m'kalasi yopanda ana, pa madesiki aafupi, ndipo Timoti anafotokoza zonse, akudziika yekha patsogolo pa mlandu. Za Selestina sanatchule.

"Ndiye mwatolapo chiyani?" anafunsa Mayi Kalinde, pakuti funsoli linali mbali ya ntchitoyo.

Timoti anati munthu asanakumbe azifunsa mwini nthaka, ndipo azidziwa kuti mwini nthaka si nthawi zonse amene wakhala pakhonde. Rejoice anati zithunzi zija anafufuta.

"Selestina?"

"Kwathu ndi ku Ndunde, madamu. Mwambowu ndimaudziwa. Ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo chikwangwani ndinalemba ndine."

Mayi Kalinde anamuyang'ana, kenako anayang'ana foni imene inali m'manja mwawo.

"Ine ndine ndinati ndikufuna choloza ndi chala," anatero. Anaibweza foniyo m'chikwama. Pobwerera ku galimoto anadutsa pakhomo pa Che Kassim, anapereka moni, mkuluyo anakweza dzanja n'kuwafunsa ngati ayenda bwino. Za mitengo palibe anatchula.

Miyezi yotsatirayo Selestina ankadutsabe njira yomweyo. Inalipo ina yozungulira ku chigayo, ndipo anaiyesa kamodzi, koma anaona kuti kuzemba kunali koipa kuposa kudutsa. M'mawa uliwonse dzanja linkakwera. "Aphunzitsi, mwadzuka?" Tsiku lina anamusiyira ambulera yake yothyoka nthiti, kuti angopeza chifukwa choimira. Anaima, koma anangokambirana za mvula.

Chimanga chinauma, Che Kassim anakolola mothandizidwa ndi ana a Jamila. Mwambo womusudzula unachitika mwakachetechete, aphunzitsi sanaitanidwe. Selestina anamva kwa akazi a ahedi kuti anyamuka Lachiwiri m'mawa.

Anafika dzuwa litangotuluka. Panali akabaza awiri. Wina anali atamanga kale matumba a chimanga, mphasa yokulunga ndi kabokosi ka zingano ndi mawaya. Winayo ankadikira Che Kassim. Jamila anaima pafupi, atanyamula nkhuku yomanga miyendo, maso ali ofiira. Che Bakili anali atabwera ndi kupita kale, kuthamangira msika.

Che Kassim anatuluka m'nyumba atavala mkanjo woyera uja. M'dzanja limodzi anali ndi ambulera, m'dzanja lina jumbo yodzaza dothi, mmene munali kamtengo ka peyala.

"Madamu, mwachita bwino kubwera. Ndikanapita ndi katundu wanu." Anamupatsa ambulera. "Yatha. Mvula yapita, koma idzabwera ina."

Selestina anailandira ndi manja awiri.

"Agogo, pepani."

"Aa, zatha zimenezo." Anakweza jumbo ija pang'ono. "Aka ndapempha kwa Jamila. Kumene ndikupitaku ndi kwa amayi anga. Ndikhoza kubzala osafunsa munthu."

"Akukudikirani?"

"Uthenga ndinatumiza."

"Anayankha?"

Mkuluyo anatembenukira kwa wakabaza n'kumufunsa ngati matayala ali ndi mpweya wokwanira, chifukwa iye sakufuna kukankha njinga pa chitunda. Wakabazayo anati madala asade nkhawa, anyamulapo anthu onenepa kuposa iwo. Jamila anamangirira nkhuku pa katundu, anagwada, anatsanzika. Che Kassim anayang'ana nyumba ija kamodzi, osati nthawi yaitali. Chitseko anachisiya chotsegula.

Anakwera movutikira, n'kukhazika jumbo pamiyendo, akuigwira ndi manja onse awiri mpaka wakabaza anamuuza kuti dzanja limodzi ligwire chitsulo. Njinga zinanyamuka, ya katundu patsogolo. Masamba a peyala ankagwedezeka pamwamba pa phewa lake mpaka anakhota pa munda wa nandolo.

Jamila analowa m'nyumbamo, anatuluka ndi tsache, n'kuyamba kusesa pakhonde pamene pankakhala mpando wa mkulu uja. Ku sukulu belu linalira. Selestina anaimabe panjirapo ndi ambulera yake, imene nthiti yake yatsopano inali yomangidwa bwino ndi waya wopyapyala, mpaka Jamila anadzutsa mutu.

"Madamu, ana akudikira."